Nyumba Yopanda Mboni: Mbiri ya Nkhanza za M'banja ku Machinga ndi Balaka

Pamene mai wagonekedwa m'chipatala ndi mkono wothyoka, kapena pamene tasonkhana pa maliro a munthu amene sadadwale, mau amene timamva ndi amodzimodzi: "Ife sitinkadziwa." Ena oona mtima pang'ono amati: "Phokoso tinkalimva usiku, koma tinkati ndi za m'banja." Mau amenewa ayenera kutidabwitsa ife a ku Machinga ndi Balaka koposa anthu ena, pakuti kwathu kuno, mwa mwambo wa makolo, mkazi sapita kutali akakwatiwa. Amakhala pafupi ndi mai ake, alongo ake ndi atsibweni ake, ndipo mwamuna ndiye amabwera ngati mlendo. Nanga zidatheka bwanji kuti m'dziko lotere nkhanza zipeze pobisala? Kuti tiyankhe funso limeneli tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 150, tione m'mene nyumba ya banja, imene kale idali ndi mboni zambiri, idasandukira pang'onopang'ono nyumba yopanda mboni.

MUDZI WA MBUMBA

Ayao a fuko la Amachinga adafika m'madera ano kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1860, napeza Amang'anja ndi Anyanja m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Chilwa. Dzina lao ndilo lidapatsidwa kwa boma limene kale linkatchedwa Kasupe, lomwe mu 1998 lidagawidwa kuti Balaka akhale boma payekha. Kuyambira cha m'ma 1900 kudabweranso Alomwe ambiri. Mitundu imeneyi idali yosiyana zilankhulo, koma pa za ukwati idali yogwirizana: mtundu umatsata kuchikazi, munda ndi wa mbumba, ndipo mwamuna amalowa chikamwini.

Katswiri wina, J. Clyde Mitchell, adakhala pakati pa Ayao kuyambira 1946 mpaka 1949. M'buku lake la 1956, The Yao Village, adafotokoza kuti mtima wa mudzi udali gulu la akazi apachibale pamodzi ndi mlongo wao wamkulu, mwini mbumba. Iyeyu ndiye ankawayankhulira pa milandu, kuwafunira mankhwala akadwala, ndi kuonetsetsa kuti akamwini akusunga bwino alongo ake. Ukwati sunkamangidwa popanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito ya ankhoswe sinkatha tsiku la chinkhoswe. Banja likayamba kugwedezeka, iwo ndiwo ankaitanidwa ngakhale pakati pa usiku. Mwamuna wovulaza mkazi ankaimikidwa pa bwalo, nalipitsidwa, ndipo akapanda kuleka ankauzidwa kuti anyamule mphasa yake abwerere kwao. Nyumba zidali zoyandikana, makoma ake a dothi ndi bango, kotero kuti kulira kwa m'nyumba imodzi kunkamveka pa mudzi ponse, ndipo omva kulirako adali abale ake a wolirayo.

Tisaganize kuti midzi imeneyo idali paradizo. Ku zinamwali, kaya ku chiputu, ku msondo kapena ku litiwo, mtsikana ankaphunzitsidwa ulemu ndi ukhondo, koma ankaphunzitsidwanso kusunga chinsinsi cha kuchipinda ndi kusakana mwamuna. Khofi limodzi kapena awiri ambiri ankawayesa chilango wamba, ndipo mau oipa aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja sadayambe lero. Komabe padali malire, ndipo padali anthu odziwika amene udindo wao udali kulonda malirewo. Mkazi ankadziwa kothawira, ndipo mwamuna ankadziwa kuti pali maso amene akumuona.

MKAZI WOPANDA ABALE

M'midzi yomweyo mudali akazi ena amene chitetezo chimenechi sichinkawafika. Zaka za m'ma 1800 zidali zaka za malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo mafumu amphamvu monga Kawinga ndi Liwonde ankatumiza maulendo ku gombe la nyanja ya mchere. Si akapolo onse amene ankagulitsidwa. Akazi ambiri ogwidwa pa nkhondo ankasungidwa pa mudzi nakwatiwa ndi ambuye ao. Kwa mwamuna wa chikamwini, mkazi wotere adali chuma chachikulu, pakuti analibe mlongo woti n'kudzatenga ana, analibe nkhoswe woti n'kudzafunsa mlandu, ndipo analibe kwao koti n'kubwerera. Akamenyedwa, panalibe bwalo lomumvera.

Asilikali a boma la Angerezi adamenyana ndi Liwonde mu 1893, nagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895, ndipo malonda a akapolo adatha. Koma mbiri ya akazi aja yatisiyira phunziro loyamba pa nkhani ya nkhanza. M'mudzi umodzi, pansi pa mwambo umodzi, mkazi wina ankatetezedwa pamene mnzake ankazunzika, ndipo kusiyana kwao kudali pa chinthu chimodzi: wina adali ndi omuyankhulira, wina analibe. Mpaka lero munthu wankhanza amadziwa zimenezi ngakhale sadawerenge mbiri. N'chifukwa chake asanakweze dzanja amayamba wadula njira zopita kwa abale a mkazi.

MSONKHO, NJANJI NDI ULENDO

Boma la atsamunda lidabwera ndi msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Mwamuna akalephera kulipira kapena akathawa, amesenjala nthawi zina ankagwira mkazi wake ngati chikole mpaka ndalama itapezeka. Kufuna ndalama ya msonkho kudatulutsa amuna m'midzi: ena ku minda ya azungu, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ena ankabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena adasanduka machona osabweranso. Opita ku ulendowo sadali akamwini okha. Alongo ndi atsibweni, eni mbumba, adapitanso, ndipo midzi yambiri idatsala ndi alonda ochepa.

Ndalama idasintha kulemera kwa mau m'nyumba. Kale mkamwini ankalima munda wa apongozi ake, ndipo nkhokwe idali pa maso pa mbumba yonse. Tsopano mwamuna wobwera ndi ndalama za ku migodi, kapena wolandira ndalama za thonje ku msika, adayamba kuona kuti iye ndiye mwini zonse, ngakhale kuti mkazi ndiye adapalira ndi kutola thonjelo. Ambiri adayamba kupempha chitengwa, kutenga mkazi kupita naye kwao kapena ku malo a ntchito. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima idadutsa pa Balaka ndi kutsegulidwa mu 1935. Ina yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi idatsegulidwa mu 1970. M'mbali mwa njanji ndi miseu mudakula malo a malonda monga Balaka, Liwonde, Ulongwe ndi Ntaja, ndipo kumeneko kudabadwa banja la mtundu watsopano: mwamuna ndi mkazi m'nyumba ya lendi, pakati pa anansi osawadziwa, ankhoswe ali kutali ulendo wa tsiku lathunthu.

Mu 1933 boma lidapatsa mafumu mabwalo ovomerezeka oweruzira milandu, ndipo milandu yambiri yobwera kumeneko idali ya maukwati. Wolemba mbiri Martin Chanock adaonetsa m'buku lake la 1985 kuti zimene mabwalowa ankazitcha mwambo nthawi zambiri zidali mwambo woumbidwanso ndi akuluakulu aamuna, amene ankaopa kuti akazi ndi achinyamata akuwapulumuka m'manja. Tsono mwambo umene kale unkapindika monga mwa mlandu udayamba kuuma, ndipo udaumira mbali ya mwamuna.

Njala ya 1949 idaonetsa poyera kufooka kumene kudalowa. Megan Vaughan, amene adafufuza za njala imeneyo m'boma la Blantyre, adapeza kuti amai ambiri ankaikumbukira ngati chaka chimene amuna adachoka, ena kunka kwao, ena kukafuna chakudya osabwerera, kusiya akazi ndi ana. Apa tikuphunzira kuti nkhanza sizikhala za chibakera zokha. Kumana banja chakudya ndi kulisiya pa njala nakonso kumapha.

MPINGO NDI MAU AKUTI KUPIRIRA

Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Nzama mu 1901 ndi ya Utale mu 1908. Dayosizi ya Mangochi, imene Balaka ali m'kati mwake, idakhazikitsidwa mu 1973, episkopi wake woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Mpingo udaphunzitsa zinthu zimene zidakweza ulemu wa mkazi: kuti ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, kuti mtsikana sangakwatitsidwe popanda iye mwini kuvomera, ndi kuti mkazi si katundu woti n'kutayidwa akakalamba kapena akapanda kubereka. M'dera limene maukwati ankatha msanga, chiphunzitso chakuti ukwati ndi wa moyo wonse chidapatsa amai ambiri ndi ana ao pokhazikika. Mpingo udasunganso udindo wa ankhoswe, ndipo mpaka lero ukwati wa mu tchalitchi umayambira kwa iwo.

Koma mau abwino akalowa m'khutu lokhota amatuluka okhota. Mau akuti banja ndi kupirira, amene tanthauzo lake ndi kupirirana pa umphawi, pa matenda ndi pa zofooka za tsiku ndi tsiku, adayamba kunenedwa kwa munthu mmodzi yekha, ndiye mkazi wotupa nkhope. Alangizi ena ankamubweza ndi chitsanzo cha Monika Woyera, amene adapirira mwamuna waukali. Komatu Augustino Woyera, posimba za mai akewo, adalembanso kuti akazi ambiri a m'mudzi mwao ankayenda ndi zipsera za nkhonya kumaso. Umenewu ndi umboni wakuti nthendayi ndi yakale ndiponso ya dziko lonse lapansi, ndipo palibe pamene Mpingo udautenga ngati chilolezo chomenyera mkazi.

Chimene ambiri a ife sitidauzidwe momveka ndi chakuti malamulo a Mpingo sadalamulepo munthu kuti afere m'nyumba. Malamulo a 1917 ankalola kale kupatukana chifukwa cha nkhanza. Malamulo a 1983, pa nambala 1153, akunena kuti ngati mmodzi aika mnzake kapena ana pa ngozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu, winayo ali ndi chifukwa chokwanira chochokera, ndipo ngati kuchedwa kungadzetse ngozi angathe kuchoka asanalandire chilolezo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1981 adadzudzula mtima wodziyesa wapamwamba umene umachititsa mwamuna kupondereza mkazi. Papa Fransisko, m'kalata yake ya 2016 yonena za chikondi cha m'banja, adaphunzitsa kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunika ndithu, pofuna kupulumutsa wofooka ndi ana. Mkristu amene wachoka pothawa imfa sadaphwanye sakramenti, ndipo kupatukana kokhako sikumutsekera ku Ukaristia.

KUCHOKERA KWA NKHOSWE WAMKULU KUFIKA KU LAMULO

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Kamuzu Banda adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani wa amai onse a m'Malawi, ndipo amai adatchedwa mbumba yake. Mau a pa mudzi adakwera nalowa m'ndale. Amai ena adapezerapo mphamvu, pakuti mwamuna ankaopa kunenezedwa ku chipani. Koma nkhoswe mmodzi sangamve kulira kwa m'nyumba zonse za dziko, ndipo m'zaka zonsezo simudakhale lamulo lapadera lonena za nkhanza za m'banja. Mai akapita ku polisi, kawirikawiri ankabwezedwa kuti akakambirane ndi ankhoswe. Akapita kwa ankhoswe, ankauzidwa kuti apirire. Aliyense ankaloza mnzake, ndipo wovulalayo ankabwerera ku nyumba yomweyo.

Zinthu zidayamba kusintha pang'onopang'ono. Mu 1987 Malawi adalowa m'pangano la maiko lothetsa tsankho lochitira amai. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 24, adalamula kuti pakhale malamulo othetsa miyambo ndi machitidwe ozunza amai. Mu 2001 apolisi adatsegula nthambi yothandiza anthu ozunzidwa, ya Victim Support Unit. Mu 2006, nyuzipepala zitadzaza ndi nkhani zoopsa za amai ovulazidwa ndi amuna ao, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Nduna imene idatsogolera ntchitoyi idali Mai Joyce Banda, a kwa Malemia ku Zomba, pafupi ndi malire a Machinga, amene adadzakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2012 mpaka 2014. Iwo eni adanena poyera kambirimbiri kuti adachoka m'banja la nkhanza ali ndi ana atatu.

Lamulo la 2006 lidachita chinthu chimene mabwalo akale sadachite: lidatchula nkhanza maina ake. Lidanena za nkhanza za pa thupi, za kugonana, za m'maganizo ndi za chuma. Lidapatsa makhoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira kapena kuopseza wodandaula, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba kuti wozunzidwa ndi ana akhalemo mwamtendere. Limateteza mwamuna ndi mkazi mofanana. Pambuyo pake padabwera lamulo la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye, ndi lamulo la maukwati la 2015 limene lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Kuyambira 2019 mpaka 2023, Machinga adali mmodzi mwa maboma 6 m'mene mudachitika ntchito ya Spotlight Initiative, ya bungwe la United Nations ndi maiko a ku Ulaya, yolimbana ndi nkhanza zochitira amai ndi atsikana.

Komabe lamulo lolembedwa ku Lilongwe silimva kulira kwa ku Chikweo kapena kwa Kalembo. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amai 100 alionse amene adakwatiwapo, 42 adachitidwapo nkhanza ndi amuna ao, kaya za pa thupi, za kugonana kapena za m'maganizo. Mwa amai ochitidwa nkhanza, pafupifupi theka sadapemphe thandizo ndipo sadauze munthu ndi mmodzi yemwe. Amene adapempha thandizo, ambiri adayamba kupita kwa abale ao. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti amai 16 mwa 100 ndi abambo 13 mwa 100 ankavomereza kuti mwamuna angathe kumenya mkazi pa zifukwa monga kupsereza ndiwo, kutsutsana naye, kuchoka osatsazika, kusasamala ana kapena kukana za kuchipinda. Mu 2003 katswiri Georges Reniers, poyerekeza midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, adapeza kuti maukwati ankatha kwambiri ku Balaka. Ena angati ndiye kuti kwathu mkazi ali ndi ufulu wochoka. Inde, khomo lotulukira lilipo, koma funso ndi lakuti amakhala atapirira zotani, kwa zaka zingati, asanafike pa khomo limenelo.

KUZINDIKIRA NKHANZA

Mbiri imeneyi ikutithandiza kuzindikira nkhanza zisanafike pa magazi. Banja lililonse limakangana, pakuti ziwiya zokhala pamodzi sizilephera kugundana. Pa mkangano wamba anthu awiri amayankhulana, aliyense ali ndi mau, ndipo ukatha palibe woopa mnzake. Pa nkhanza mmodzi amalamulira, winayo amakhala mwamantha. Chizindikiro chachikulu ndi mantha amenewo. Mai amene amadzidzimuka akamva belu la njinga ya mwamuna wake, ana amene amaleka kuseka bambo akafika pa khomo, akutiuza kanthu ngakhale pathupi pao palibe bala.

Tiyang'ane tsono njira zodulidwa. Mai amene kale ankabwera ku mphakati, ku kwaya kapena ku banki m'khonde, tsopano saonekanso. Akafunsidwa amati palibe nthawi. Kwao sapitako, ngakhale pa maliro, popanda chilolezo. Foni yake imafufuzidwa usiku uliwonse kapena idalandidwa. Masiku ano anyamata ambiri a m'maboma athu ali ku South Africa, ndipo ena amalamulira nyumba ali komweko: kuimba foni nthawi iliyonse kufunsa kumene mkazi ali, kuika abale ao kuti azimuzonda, ndi kuleka kutumiza ndalama ngati chilango. Mkazi wotere ali pakati pa anthu, koma wasanduka ngati mkazi wopanda abale wa masiku a Chikala.

Tiyang'anenso chuma. Onse awiri adalima thonje, mpunga kapena nandolo, koma tsiku logulitsa mwamuna amasowa sabata yathunthu nabwera chimanjamanja, ndipo kufunsa za ndalamazo ndiko kuputa ndeu. Mkazi akayamba kageni, mpamba umalandidwa. Akatenga ngongole ku gulu, mwamuna amaidya, wobweza n'kukhala mkazi. Tiyang'ane mau: kutukwanidwa pa maso pa ana, kunenedwa kuti ndiwe chitsiru, hule kapena chumba, kuopsezedwa kuti ndikakwatira wina. Ndipo pali nkhanza zimene manyazi amaziphimba koposa zonse, za kuchipinda: kukakamizidwa mkazi akudwala kapena atangochira kumene, ndi kuletsedwa kukayezetsa magazi kapena kumwa mankhwala.

Ambiri timasokonezeka chifukwa wankhanza sakhala wankhanza masiku onse. Mu 1979 katswiri wa za maganizo wa ku America, Lenore Walker, adafotokoza kuti m'mabanja ambiri nkhanza zimayenda mozungulira. Poyamba mitambo imasonkhana: nkhope yakuda, kupeza zifukwa pa mchere ndi pa madzi osamba. Kenaka mphezi imagwa. Pambuyo pake kumacha bwino: kupepesa, misozi, chitenje chatsopano, malonjezo pa maso pa ankhoswe. Mkazi amakhulupirira, abale amapuma, ndipo mlandu umachotsedwa ku polisi. Koma mitambo imasonkhananso, ndipo kawirikawiri nyengo ya bata imanka ifupika. Mowa ndi umphawi zimakolezera moto umenewu, koma sindizo gwero lake, pakuti alipo akumwa ambiri ndi osauka ambiri amene sadakwezepo dzanja, ndipo alipo ophunzira ndi atsogoleri a mapemphero amene nyumba zao ndi ndende. Munthu amene amaugwira mtima pa maso pa bwana wake ku ntchito angathe kuugwiranso pa maso pa mkazi wake.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira msonkhano wa ankhoswe wa sabata ya mawa: kukanyanga pakhosi, kuopseza ndi mpeni kapena chikwanje, kunena kuti ndidzakupha kapena ndidzadzipha, kumenya mai woyembekezera, ndi nsanje yosagona tulo. Ofufuza m'maiko ambiri apeza kuti nthawi yoopsa koposa ndi pamene wozunzidwa akukonzeka kuchoka kapena wangochoka kumene. Choncho tisafulumire kufunsa kuti bwanji osangochoka. Iye akuganiza za ana, za pogona, za ngongole, za manyazi a mai ake, ndiponso za moyo wake.

Tisaiwale kuti amuna nawonso amazunzidwa. Alipo akamwini amene amamanga nyumba ya malata ndi kubzala mitengo, kenaka n'kuthamangitsidwa ngati galu, osaloledwa kuona ana ao. Alipo othiridwa madzi otentha, omanidwa chakudya, onyozedwa pa gulu, ndipo amakhala chete poopa kusekedwa. Ngakhale kuti ovulala ndi ophedwa ambiri ndi akazi, kulira kwa mwamuna nakonso n'kulira. Ndipo m'nyumba zonsezi muli mboni zazing'ono zimene sitiziwerengera, ndiwo ana, amene akuphunzira usiku uliwonse kuti banja ndi chimenechi.

ANKHOSWE A LERO

Timakonda kunena kuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mwambiwu udanenedwa pochenjeza za amiseche ndi achiwerewere. Makolo omwewo amene adaunena ndiwo adaika ankhoswe pa ukwati uliwonse, chifukwa ankadziwa kuti anthu awiri otsekeredwa okha, wamphamvu amadya mnzake. Midzi ya mbumba monga idaliri mu 1860 sidzabweranso, koma udindo wa mboni sudathe. Wagwera ife: ankhoswe, alangizi a mabanja, atsogoleri a miphakati ndi malimana, mabungwe a amai ndi abambo, a Chilungamo ndi Mtendere, mafumu, ndiponso anansi athu Asilamu ndi mashehe ao, pakuti m'maboma athu ano timamwa chitsime chimodzi ndipo kulira kwa usiku sikufunsa chipembedzo.

Udindo umenewu uli ndi njira yake. Tikaona zizindikiro, tifunse munthuyo ali yekha, mofatsa, mwamuna kapena mkazi wake palibe. Akatiuza, timukhulupirire, ndipo tisamufunse kuti udalakwanji. Tisunge chinsinsi chake, pakuti mau akafika kwa wankhanza asanakonzeke, tamuika pa ngozi. Ngati wavulala, timuperekeze ku chipatala ndi ku polisi. Ngati moyo uli pa chiswe, timupatse pogona. Ankhoswe adziwe malire a bwalo lao: kusamvana ndi kwao, koma bala, kugwiririra ndi kuopseza kupha ndi milandu ya boma, ndipo kukakamiza munthu kuti akachotse mlandu wotere ndiko kumubweza m'kamwa mwa ng'ona. Kukhululuka ndi ukoma wachikristu, koma kuyanjananso kumafuna kuti wolakwa atembenuke mtima moona, ndipo kutembenuka kumaoneka ndi ntchito za miyezi ndi zaka. Wankhanzayo nayenso ndi mbale wathu, ndipo amuna anzake ndiwo ayenera kumuyang'ana m'maso ndi kumuuza kuti zimene akuchita ndi tchimo ndiponso mlandu.

Pa chilangizo cha ukwati, tiyeni tilangize onse awiri mofanana. Ngati tiuza mtsikana za kupirira, timuuzenso zimene sayenera kupirira ndi khomo limene angagogode. Ngati tiuza mnyamata kuti ndiye mutu wa banja, timukumbutse kuti Paulo Woyera adamupatsa chitsanzo cha Kristu, amene adapereka moyo wake chifukwa cha Mpingo. Pajatu akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wamkazi amene tikumulera lero adzakwatiwa mwina ku Liwonde, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kutali ndi alongo ake, ndipo chitetezo chake chidzakhala anansi amene adzamve phokoso usiku nadzuka kukagogoda. Chimene tikufuna kuti anthu achilendo adzachitire mwana wathu kumeneko, tiyambe ife kuchitira mwana wa mnzathu amene ali kuseri kwa mpanda wathu.